Tipempherereni, koma musatilande ntchito

Pafupifupi mpingo uliwonse umene ndinapempherako uli ndi mindandanda iwiri. Woyamba ndi wa odwala, uja mlembi amawerenga pa zolengeza kuti tiwakumbukire m'mapemphero. Wachiwiri ndi wa ntchito: wolalikira sabata yamawa, wowerenga mawu, wophunzitsa Sande Sukulu, okapepesa maliro, owerengera chopereka. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti dzina likangolowa pa mndandanda woyamba n'kukhalitsapo, limafufutika pa wachiwiri. Palibe msonkhano umene umakhala pansi n'kugwirizana zimenezi. Zimangochitika mwakachetechete, ndipo ochitawo amaona ngati akuchita chifundo.

Lero ndati ndilankhulepo pa nkhani imeneyi. Maganizo anga ndi akuti munthu amene akukhala ndi ululu wosatha ayenera kupezeka pa mindandanda yonse iwiri. Timupempherere, inde, koma tisadikire kuti achire kaye ndiye timupatse chochita, chifukwa ena mwa ife sitidzachira mpaka tsiku lotiika m'manda.

Ndikuti "ife" chifukwa inenso ndili m'gulu lomweli. Ichi n'chaka cha 9 msana ukundipweteka, ndipo ululu wake umatsika ndi mwendo wakumanzere mpaka kuphazi. Ntchito yanga ndi yoimirira ndi choko m'manja, ndiye mutha kuona nokha mmene zimakhalira ikamakwana piriyodi yomaliza. Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni ayi. Ndangofuna mudziwe kuti paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Poti ndimaphunzitsa Biology, ndiloleni ndifotokoze pang'ono za ululu umene ndikunenawu, chifukwa ambiri amausokoneza ndi kuwawa kwa masiku onse. Ukaponda minga kapena kugwira mphika wamoto, kuwawa kumene umamva ndi kwabwino. Ndi uthenga umene minyewa imathamangitsira ku ubongo kuti chotsapo dzanja. Odwala khate amaduka zala chifukwa chosamva kuwawa kumeneku: amapsa, amavulala, iwo osadziwa. Kuwawa kotere kuli ngati belu la pasukulu, limalira nthawi yake ikakwana, kenako n'kusiya. Koma ululu wosatha uli ngati belu limene likungolirabe ana ataweruka kalekale. Nthawi zina chilonda chinapola, X-ray sikuonetsa kanthu, koma minyewa ikutumizabe uthenga. Achipatala amati ululu ukapitirira miyezi itatu ndiye kuti walowa m'gulu limeneli, ndipo m'kaundula wa matenda wa bungwe la WHO amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, ululu wosatha unapatsidwa malo akeake.

Anthu oterewa tili nawo ambiri kuposa mmene timaganizira. Alipo agogo a nyamakazi amene mawondo awo amatupa kukazizira. Alipo a mutu waching'alang'ala, a sickle cell, a khansa. Alipo amene anadwala mashingozi, zilonda n'kupola, koma pamalopo mpaka lero pamayaka ngati moto. Alipo amene anayamba kumwa ma ARV oyambirira aja boma litayamba kugawa mwaulere mu 2004. Mankhwala amenewo anapulumutsa miyoyo yambiri, koma anali ndi stavudine amene kwa ena anawononga minyewa ya m'mapazi. Ngakhale mankhwalawo anasinthidwa, alipo amene mapazi awo amatenthabe usiku uliwonse. Onsewa amabwera kutchalitchi atasamba, atavala bwino, n'kukhala pabenchi pafupi nanu. Simungawadziwe pokhapokha atakuuzani.

Tsono akakuuzani, mumati chiyani? Ine ndamvapo mayankho a mitundu iwiri.

Yankho loyamba ndi lija lakuti chikhulupiriro chanu n'chochepa, kapena pali tchimo limene simunaulule, kapena kumudzi kwanu akukukhalirani pansi. Mayankho oterewa achuluka masiku ano pamene aneneri ali pangodya iliyonse, ndipo madzi ndi mafuta odzozedwa akugulitsidwa ngati tomato. Tisanamizane, chiphunzitso chimenechi n'chankhanza. Munthu wabwera ndi katundu mmodzi, ululu, ndipo akubwerera ndi awiri, ululu ndi mlandu. Ndikudziwa mayi wina amene anagulitsa mbuzi zake zonse kuyendera misonkhano ya machiritso. Mawondo akupwetekabe, khola lili mbee, ndipo kutchalitchi anasiya kupita chifukwa amachita manyazi kuti anthu aziti nanga uyu bwanji sakuchira.

Sindikukana kuti Mulungu amachiritsa. Ndimakhulupirira, ndipo ndimapempherabe kuti andichiritse. Koma amene amati wokhulupirira aliyense ayenera kuchira sanawerenge Baibulo lonse. Pa 2 Akorinto 12, Paulo akunena za minga imene inali m'thupi mwake. Anapempha katatu kuti ichoke. Sinachoke, chimene analandira ndi lonjezo la mphamvu zoti ayende nayo. Pa Agalatiya 4 akuwakumbutsa anthu a kumeneko kuti chimene chinachititsa kuti awalalikire koyamba ndi matenda ake. Paulo yemweyo, amene ena ankachira pongokhudza nsalu zochokera pathupi pake, anasiya mnzake Trofimo akudwala ku Mileto. Timoteo ankavutika m'mimba kawirikawiri, ndipo Paulo sanamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro, anamulangiza chakumwa choti chimuthandize, n'kumusiyira mpingo wonse wa ku Efeso kuti auyang'anire. Yakobo anachoka pa Penieli atadalitsidwa koma akutsimphina. Pa Yohane 9, ophunzira atafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu uja abadwe wosaona, Yesu anakana zonse ziwiri, za iye ndi za makolo ake.

Koma nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya kumapeto kwa buku la Yobu. Anzake atatu aja anatha machaputala ambirimbiri akumuuza kuti alape, chifukwa kwa iwo munthu sangavutike chotere popanda chifukwa. Mulungu atayankhula, anakwiyira anzakewo, ndipo anawatuma kuti apite kwa Yobu akawapempherere. Taonani bwino dongosolo lake: Yobu anapempherera anzake asanabwezeredwe kalikonse. Ntchito ya unsembe inaperekedwa kwa wodwala, ndipo opemphereredwa anali athanzi aja. Ifeyo tikanakhalapo tikanati dikirani kaye achire.

Yankho lachiwiri ndi lofatsa, ndipo n'chifukwa chake ndi lovuta kulitsutsa. Ndi lija lakuti "inu pumulani, tigwira ndife." Limachokera mumtima wabwino, sindikukana. Kwa munthu wa malungo kapena amene wangochitidwa opaleshoni, ndi yankho loyenera, chifukwa pakatha milungu ingapo adzadzuka. Nanga amene matenda ake alibe tsiku lothera, apumule mpaka liti? Kumuuza munthu wotere kuti apumule ndi kumuuza kuti ntchito yake mu mpingo inatha. Amasanduka wongolandira: amayi a chigwirizano amabwera ndi sopo ndi shuga, amaimba nyimbo ziwiri, amapemphera, n'kumapita. Iye amatsala ndi ululu uja, kuwonjezapo maganizo akuti palibenso amene akumufuna. Ndipo aliyense amene anakhalapo ndi ululu wa nthawi yaitali akuuzani kuti umakula kwambiri pamene uli wekha, wopanda chochita, ukungoumvetsera.

Mbiri ya mpingo ikutiuza kuti anthu oterewa agwirapo ntchito zazikulu. Amy Carmichael, mmishonale wochokera ku Ireland, ankalera ana opulumutsidwa ku moyo woopsa pamalo otchedwa Dohnavur, kumwera kwa India. Mu 1931 anagwera m'dzenje n'kuvulala kwambiri, ndipo zaka pafupifupi 20 zotsatira mpaka imfa yake mu 1951 anakhala nthawi yambiri ali gone m'chipinda. Anzake sanamuchotse pa utsogoleri. Ankabwera kudzafunsa nzeru pambali pa bedi lake, ndipo mabuku ake ambiri anawalembera pomwepo. Ku America kuli Joni Eareckson Tada, amene anathyoka khosi mu 1967 ali ndi zaka 17 podumphira m'madzi osaya ku Chesapeake Bay. Anapita ku misonkhano ya machiritso, anabwerako ali pa njinga yake yomweyo. Mu 1979 anayambitsa bungwe la Joni and Friends, limene mwa zina limasonkhanitsa njinga za olumala, kuzikonza, n'kuzigawa m'maiko osauka. Iye wakhala akunena poyera kuti ululu umene unadzabwera pambuyo pake umamusautsa koopsa.

Koma chitsanzo chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi cha Cicely Saunders wa ku England, chifukwa zipatso za ntchito yake zinafika mpaka kuno kwathu. Mayiyu anaphunzira unamwino pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma msana unamuvuta mpaka anasiya ntchito ya m'mawodi. Akanatha kubwerera kwawo n'kukakhala. M'malo mwake anayamba ntchito yothandiza odwala pa mavuto a kunyumba ndi a zachuma, imene sinkafuna kunyamula anthu. Ali pa ntchito imeneyo anaona mmene odwala khansa ankafera akubuula, madokotala atawataya kuti palibenso chochita. Anabwerera kusukulu, n'kukhala dokotala mu 1957, ndipo mu 1967 anatsegula St Christopher's Hospice ku London. Anali Mkhristu wolimba, ndipo ntchitoyi ankaiona ngati maitanidwe.

Zinthu ziwiri zimene anaphunzitsa dziko n'zofunika kuti mpingo uzimve. Choyamba, mankhwala opha ululu monga morphine aziperekedwa motsata wotchi, ululu usanabwerere, m'malo modikira kuti wodwala ayambe kulira ndiye apatsidwe. Chachiwiri, ululu sukhala m'thupi mokha. Munthu amamvanso kuwawa chifukwa cha mantha, kusungulumwa, nkhawa ya fizi ya ana, ndi mafunso okhudza Mulungu, ndipo zonsezi zimakulitsa ululu wa m'thupi uja. Nzeru zimenezi anazitengera ku Africa Dr Anne Merriman, amene anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993 n'kufalitsa morphine wakumwa wotsika mtengo, wosungunula m'madzi, woti wodwala azimwera kunyumba. Kuno kwathu, namwino Lucy Finch anatsegula Ndi Moyo ku Salima, ndipo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli Tiyanjane. Agogo a ku Salima amene akugona tulo usiku uno chifukwa cha kabotolo ka morphine sakudziwa kuti chiyambi cha zonsezi ndi namwino amene msana wake unakana ntchito ya m'mawodi.

Pano wina atha kundiimitsa n'kunena kuti aphunzitsi, mukutipatsa zitsanzo za azungu amene anali ndi owathandiza, ndalama ndi zipatala zabwino. Nanga mayi wa kumudzi amene ngakhale Panado amachita kupempha? Funso limeneli ndi loona, ndipo ndikulilandira. Nkhani za anthu otchukawa zili ndi ngozi yake. Zikhoza kusanduka chikwapu chokwapulira wodwala: taonani mnzanu analemba mabuku ali gone, inu mukungodandaula. Zimenezo ndiye ayi. Sindinatchule anthuwa kuti aliyense ayambitse bungwe. Ndawatchula kuti tione chinthu chimodzi chimene onsewa anali nacho: anthu owazungulira amene anasintha kagwiridwe ka ntchito kuti kagwirizane ndi thupi la wodwalayo. Chimenecho sichifuna ndalama za kunja. Ndipo ifenso tinazionapo ndi maso athu. M'zaka zija Edzi inavuta, ambiri mwa anthu ongodzipereka amene ankayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala ndi kuwalimbikitsa kumwa mankhwala anali oti iwonso ali ndi kachilombo. Odwala ankawamvera kuposa wina aliyense, chifukwa ankadziwa kuti akulankhula ndi munthu amene njirayo waiyenda.

Wina atinso: koma anthu oterewa ndi osadalirika, lero ali bwino, mawa agona, tikawaika pa pologalamu n'kulephera kubwera, tidzatani? Izinso n'zoona. Ine ndemwe sindingalonjeze kuti Lamlungu la pa 15 ndidzadzuka bwino. Koma yankho lake ndi losavuta: ikani awiri. Yesu ankatuma ophunzira ake awiriawiri, ndipo akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Kusukulu timachita zomwezi. Mphunzitsi akadwala, wina amalowa m'kalasi mwake, sitimuchotsa pa timetable chaka chonse. Komanso tinene chilungamo, ndi angati athanzi labwino amene amajomba pa ntchito ya mpingo chifukwa cha ukwati kapena mpira, koma sabata yotsatira dzina lawo lili pomwepo?

Zambiri zofunika kusintha ndi zazing'ono. Ikani mpando kutsogolo kuti amene sangaimirire mphindi 30 alalikire atakhala. Ena amaona ngati kutero n'kupeputsa guwa, koma Yesu pa phiri paja anaphunzitsa atakhala pansi, m'sunagoge wa ku Nazarete anakhala pansi, m'ngalawa anakhala pansi. Msonkhano wa komiti ukhoza kukachitikira pakhonde pa amene sangayende mtunda. Mphakati kapena mapemphero a m'dera akhoza kumakumana kwa iye, osati kudzamuona ngati wodwala, koma iye n'kukhala wotsogolera. Kusunga mabuku a chuma, kuphunzitsa a kalasi, kulangiza achinyamata amene akukonzekera ukwati, kuimbira foni amene sanaoneke masabata atatu, kuyendetsa gulu la WhatsApp la mapemphero: zonsezi sizifuna msana wolimba.

Ndipo pali ntchito zina zimene anthu a ululu amazigwira bwino kuposa athanzi. Amadziwa kuzonda wodwala. Amadziwa kuti anthu 15 kudzaza kachipinda kwa maola awiri si chitonthozo, ndi chintchito kwa wodwalayo, amene akuyenera kukhala tsonga ndi kumwetulira. Amadziwa kuti funso lakuti "mwagona bwanji usiku?" limaposa ulaliki. Amadziwa kukhala chete, ngati mmene anzake a Yobu anachitira masiku 7 oyambirira, asanawononge zonse ndi pakamwa. Ambiri a iwo tulo sabwera, ndiye 2 koloko ya usiku, pamene mayi wina ali yekha kuchipatala kudikirira mwana wake, amene angayankhe foni ndi iwowo.

Ngakhale m'kalasi ndimaziona. Mtsikana akagoneka mutu padesiki masiku ake a kumwezi, kapena mwana wa sickle cell akajomba sabata yathunthu nyengo yozizira, mawu oyamba amene amamveka kawirikawiri ndi akuti ndi ulesi. Mphunzitsi amene amadziwa ululu wosaoneka ndi maso amayamba wakhulupirira mwanayo, kenako n'kufunsa kuti tithandizane bwanji kuti usatsalire. Kwa ine umenewonso ndi utumiki, ngakhale suwerengedwa pa zolengeza.

Tsopano ndilankhule ndi anzanga a m'gulu langali. Choyamba, ululu si chinthu chabwino, ndipo tisaukometse. Yesu mwini ku Getsemane anapempha kuti ngati n'kotheka zimupitirire. Kumwa mankhwala si kuchepa kwa chikhulupiriro. Pitani kuchipatala, fotokozani bwinobwino pamene pakupweteka ndi mmene pakupwetekera, ndipo funsani ngati pali a chisamaliro chochepetsa ululu, chifukwa chithandizo chimenechi si cha okhawo amene atsala pang'ono kumwalira. Musamangogula Brufen pagolosale n'kumamwa miyezi ndi miyezi. Mankhwala a mtundu umenewu akachuluka amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amawononga impso. Ndipo wina akakuuzani kuti tayani mankhwala chifukwa wakupemphererani, ameneyo sadzakhalapo pamene zinthu zidzavute.

Chachiwiri, phunzirani kukana. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Pali chiyeso chofuna kuonetsa anthu kuti tikadali amphamvu, n'kuvomera chilichonse, kenako n'kugona sabata yathunthu. Ine ndinasankha zinthu ziwiri zokha: kukumana ndi ana a SCOM kamodzi pa sabata, nditakhala pampando, ndi kuphunzitsa a kalasi kutchalitchi mosinthana ndi mkulu wina. Zogona kumaliro panja pozizira ndi zonyamula njerwa za chitukuko ndinapepesa. Ena amaona ngati kunyada, koma ziwiri zimene ndimagwirazo ndakhala ndikuzigwira zaka zonsezi osadukiza.

Chachitatu, tsiku limene thupi lakaniratu, kulola kuti ena akutumikireni si kugonja. Mwana wa sukulu amene amandinyamulira makope kupita nawo ku staff room akuphunzira chinthu chimene sichili pa silabasi ya MSCE. Mpingo umene ulibe woti umusamalire sungaphunzire chikondi. Pa mtanda, ululu uli pachimake, Yesu anakonza za amene adzasunge amayi ake, ndipo pomwepo ananenanso kuti ali ndi ludzu, anthu n'kumupatsa chakumwa. Anatumikira, analolanso kutumikiridwa, tsiku limodzi lomwelo.

Pempho langa kwa abusa, akulu a mpingo, atsogoleri a amayi ndi a achinyamata ndi ili. Lamlungu likubwerali, mlembi akamawerenga maina a odwala, tcherani khutu mumve amene akhala akutchulidwa kupitirira chaka. Mkati mwa sabata kawaoneni, awiri okha, osati gulu. Mukatha kupemphera musafulumire kutsanzika. Afunseni kuti kodi ntchito ija munkagwira mukuifunabe, ndipo tisinthe chiyani kuti muzitha kuigwira? Ena adzati ayi, ndatopa, ndipo yankho limenelo lilemekezedwe. Koma ndikukhulupirira kuti ambiri mudzawapeza akhala akudikira funso limeneli kwa zaka.

Inu kwanuko zimayenda bwanji? Ngati mpingo wanu unapeza njira yabwino pa nkhaniyi, tiuzeni kuti enafe titengerepo phunziro. Ine ndalekeza pomwepa, makope a Fomu 4 akundidikira.